Mapulogalamu a usiku asiye kugogoda pa database, awerenge mafayilo

Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utachotsa anthu ambiri ntchito ku America, bwanamkubwa wa New Jersey, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL, chilankhulo chakale cholembera mapulogalamu a kompyuta, kuti abwere adzathandize, chifukwa makina olipirira anthu amene ntchito yawathera anali atalemedwa. Kuyambira nthawi imeneyo mkangano wa mainframe, makompyuta akuluakulu amene mabanki ndi maboma amadalira, sunazirale. Ena akuti makina akalewa atayidwe, ena akuti angokonzedwa, ndipo mu 2023 IBM inatulutsa watsonx Code Assistant for Z, chida chothandiza kusandutsa COBOL kukhala Java, chilankhulo chatsopanoko. M'kati mwa mkangano waukuluwo muli wina umene sufika m'manyuzipepala, koma umawiritsa mitu m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi a msonkho amene amayendetsa z/OS, pulogalamu yaikulu ya IBM yoyendetsa mainframe. Funso lake n'lakuti: kodi n'kwanzeru kutenga pulogalamu imene imawerenga Db2, database (nkhokwe ya deta) ya IBM, kuichotsa SQL, chilankhulo chofunsira database, n'kuiuza kuti iziwerenga fayilo wamba kuyambira rekodi yoyamba mpaka yomaliza? Ambiri akangomva zimenezi amapukusa mitu, amati ndiko kubwerera ku nthawi ya matepi. Ine ndili kumbali ya amene amachita zimenezi. Pulogalamu ya usiku imene imawerenga tebulo lonse la mu database kapena gawo lake lalikulu, osasinthamo kanthu, iyenera kuwerenga fayilo yosanjidwa, ndipo database ikhalebe malo okhawo osungirako zenizeni.

Tiyambe tamvana kaye za ntchito imene tikunena. Mainframe imagwira ntchito za mitundu iwiri. Masana, kudzera mu pulogalamu ya IBM yotchedwa CICS, imene inatuluka mu 1969, imayankha munthu mmodzi pa akaunti imodzi: wina akufuna kuona ndalama zatsala, wina akutapa pa ATM. Pa ntchito imeneyi database ilibe mnzake, ndipo sindikuikhudza. Usiku kumabwera ntchito za batch, zokonza marekodi ambiri nthawi imodzi, zoyendetsedwa ndi malangizo olembedwa mu JCL: kuwerengera chiwongoladzanja, kukonza masitetimenti, kulemba malipoti opita ku banki yaikulu ya dziko. Mapulogalamu ambiri a usiku analembedwa motere: amatsegula cursor, cholozera mizere, pa tebulo la maakaunti, n'kutenga akaunti imodzi ndi lamulo la FETCH, kenako n'kufunsa dzina la mwini wake ku tebulo lina, mlingo wa chiwongoladzanja ku lina, nthambi ya banki ku linanso. Tiyerekeze kuti banki ili ndi maakaunti 10 miliyoni ndipo akaunti iliyonse ikufuna mafunso anayi. Ndiye kuti usiku umodzi pulogalamu imodzi yagogoda pa Db2 maulendo 40 miliyoni. Ulendo uliwonse pempho limachoka m'chigawo cha pulogalamu n'kulowa m'chigawo cha Db2, kudutsa mu index, mlozera wopezera rekodi msanga, kuona ngati rekodiyo siinagwidwe ndi wina, n'kubwerera ndi SQLCODE, nambala yonena mmene pempholo layendera. Kusintha kumene ndikuikira kumbuyo n'kwakuti tebulo lililonse litulutsidwe kamodzi kokha n'kulembedwa mu fayilo ndi chida cha UNLOAD, mafayilowo asanjidwe ndi chida chosanjira, DFSORT kapena Syncsort, potsata nambala imodzi, ndiyeno pulogalamu iziwerenga mafayilowo limodzi, kufananiza manambala pamene ikutsika. Pamene kale inkadikira SQLCODE 100 kuti idziwe kuti zatha, tsopano idikira FILE STATUS 10.

Mlembi wa banki m'khonde amaidziwa nzeru imeneyi. Akafuna kuona munthu mmodzi, amatsegula kabati, kufunafuna khadi lake, n'kutsekanso. Koma tsiku logawana, pamene aliyense ayenera kuwerengedwa, satsegula ndi kutseka kabati pa dzina lililonse. Amayala kaundula wa masheya ndi kaundula wa ngongole, onse olembedwa motsatira manambala a mamembala, chala china pa uyu china pa uyo, n'kutsika mpaka pansi. Makina nawonso amachita chimodzimodzi. Pa disiki ya mtundu wa 3390, QSAM, njira ya z/OS yowerengera mafayilo motsatizana, imatha kunyamula buloko ya mabayiti 27,998 nthawi imodzi. Ngati rekodi ili ndi mabayiti 100, ndiye kuti kuwerenga kumodzi kwabweretsa marekodi 279, ndipo pulogalamu ikamati READ kawirikawiri imangotenga chimene chafika kale mu memory. Palibe index yodutsamo, palibe loko, palibe log yolembamo.

Phindu lake limaoneka m'malo awiri. Loyamba ndi ndalama. Kwa zaka zambiri IBM yakhala ikulipiritsa mapulogalamu ake akuluakulu mwezi ndi mwezi poyang'ana mphamvu imene makina agwiritsa ntchito, yoyezedwa mu muyeso wotchedwa MSU, ndipo mtengo umatengera maola anayi amene makina anatanganidwa koposa m'mwezi umenewo. M'makampani ambiri maola amenewo amagwera usiku wa kutha kwa mwezi. Mu 2019 kunabwera ndondomeko ina yolipiritsira, Tailored Fit Pricing, imene mwa njira zake ina imawerengera mphamvu yonse yogwiritsidwa ntchito, choncho sekondi iliyonse ya CPU yowonongeka imalowabe mu bilu. Lachiwiri ndi nthawi. Usiku sutalika, koma maakaunti amachuluka chaka ndi chaka, ndipo ntchito ya usiku ikalowerera m'mawa, amene amavutika ndi munthu wamba amene malipiro ake sanaoneke. Abale athu ambiri amene ali ku South Africa ndi ku Britain amalandirira m'mabanki akuluakulu amene akudalirabe mainframe, kotero nkhaniyi imafika ndithu m'matumba mwawo.

Anzathu otsutsa amayamba ndi mbiri, ndipo mbiri yawoyo ndi yoona. Amati database inabwera chifukwa mafayilo anatopetsa anthu. IMS, database yakale ya IBM, inayamba kugwira ntchito mu 1968 pofuna kusunga mndandanda wa zipangizo za ntchito ya Apollo. Mu 1970 Edgar Codd wa ku IBM analemba ganizo losunga deta m'matebulo, ndipo mu 1983 DB2 inalengezedwa. Onsewa ankathawa vuto limodzi: dipatimenti iliyonse inali ndi fayilo yakeyake, adiresi ya kasitomala mmodzi inali m'malo asanu ndipo inkasiyana, komanso kusintha kaikidwe ka rekodi kunkatanthauza kukonza mapulogalamu ambirimbiri. Ndiye amafunsa kuti tibwerereko bwanji? Yankho langa n'lakuti vuto la Codd linali la malo osungira zenizeni, ndipo malowo sindikuwasuntha. Adiresi ikasintha imasinthidwa mu Db2 basi. Fayilo ya usiku imabadwa kuchokera mu Db2, imagwira ntchito yake, n'kufufutidwa nthawi yoisunga ikatha. Komanso amene amati kuwerenga motsatizana n'kwachikale ayang'ane zimene makampani atsopano amachita. Mu 2004 akatswiri a Google anafotokoza MapReduce, kenako Hadoop inatengera pomwepo: werengani mafayilo akuluakulu kuyambira pachiyambi, sanjani potsata nambala yodziwira, phatikizani zofanana. Db2 nayonso ikaona kuti funso likufuna tebulo lonse, imasiya index n'kuwerenga masamba motsatizana, ndipo nthawi zina imasanja mbali ziwiri n'kuziphatikiza. Njirayi sinakalambe, chifukwa chimene chimaipatsa mphamvu ndi mmene madisiki ndi memory zimagwirira ntchito.

Chachiwiri chimene amanena n'chakuti fayilo imayamba kukalamba pa mphindi yomwe yatulutsidwa. Ngati UNLOAD yachitika 11 koloko usiku, munthu amene waika ndalama 11:30 mulibemo. Zimenezi n'zoona, koma pa ntchito zambiri za usiku n'zimene timafuna. Chiwongoladzanja cha mwezi chimawerengeredwa pa ndalama zimene zinalipo pa nthawi yotsekera, ndipo sitetimenti iyenera kugwirizana ndi lipoti limene lapita kwa oyang'anira mabanki. Masiku ano, pamene anthu amatumiza ndalama pafoni usiku wonse, tebulo silikhala chete. Pulogalamu imene imaliwerenga kwa maola atatu ili ndi njira ziwiri, zonse zowawa. Ikagwira marekodi ndi loko, imalimbana ndi makasitomala, ndipo wina mwa awiriwo amagwa ndi SQLCODE -911. Ikawerenga ndi WITH UR, kutanthauza kuwerenga ngakhale zimene sizinatsimikizidwe, kuti isatsekereze aliyense, imatha kutola ndalama zimene pambuyo pake zibwezedwa, n'kutulutsa lipoti limene silifanana ndi mphindi ina iliyonse ya tsikulo. Fayilo yotulutsidwa pa nthawi imodzi yodziwika ilibe vutoli. UNLOAD imathanso kuwerenga kuchokera ku image copy, kope la tebulo losungidwa padera, osakhudza n'komwe tebulo limene anthu akugwiritsa ntchito. Ndipo mafayilo akasungidwa mu GDG, gulu la mafayilo osungidwa motsatira nthawi imene anapangidwa, wowerengera ndalama akabwera patapita miyezi itatu n'kufunsa chifukwa chimene kasitomala wina anadulidwira ndalama zakutizakuti, mumatenga fayilo ya usiku womwewo, kuyendetsanso pulogalamu, n'kupeza yankho lomwelo. Pa tebulo limene lasintha kambirimbiri chichokereni usikuwo, zimenezi n'zovuta kwambiri. Komabe pulogalamu imene iyenera kuona zimene zilipo panopa, monga yoletsa kuba kapena yovomereza kutapa ndalama, isayandikire fayilo.

Mfundo yolemera koposa ndi yachitatu, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa apa m'pamene anthu amapsa. Db2 imachita zinthu zambiri mwakachetechete zimene wolemba pulogalamu amangozizindikira zikachoka. Pulogalamu ikagwa pakati, Db2 imabweza zonse zimene zinali zisanatsimikizidwe ndi COMMIT. Imakana akaunti yopanda mwini. Imakana deti la 31 Febuluwale. Fayilo siikana chilichonse. Otsutsa amati mukachotsa SQL mwachotsanso mlonda, ndipo pa mapulogalamu amene amasintha deta akunena zoona. Chitsanzo chili ku bungwe la msonkho la America, IRS. Kaundula wake wamkulu wa okhoma msonkho, Individual Master File, anayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati mafayilo oyendetsedwa motsatizana, ndipo kwa zaka zambiri maakaunti ankakonzedwa kamodzi pa sabata. Mpaka mu 2012 m'pamene ntchito ya CADE 2 inabweretsa kukonza kwa tsiku ndi tsiku. Izi n'zimene zimachitika fayilo ikakhala mwini wa zenizeni, ndipo sindikufunira aliyense zimenezo. Koma pulogalamu yongowerenga ilibe chobweza. Ikagwa, mumafufuta fayilo imene inali kulemba, n'kuyambiranso sitepe yomweyo, popeza mafayilo olowa sanasinthe. Imene iyenera kusintha maakaunti ingathe kugawidwa pawiri: gawo lalikulu lowerengera liwerenge mafayilo n'kulemba fayilo ya zosintha, ndiyeno kapulogalamu kakang'ono kalowetse zosinthazo mu Db2, kakuchita COMMIT pafupipafupi, pansi pa malamulo onse a database.

Ngakhale zili choncho, misampha ilipo, ndipo aliyense amene akuti kusinthaku ndi ntchito ya masana amodzi akunamiza abwana ake. Mu tebulo muli NULL, kutanthauza kuti palibe chinalembedwa, ndipo n'zosiyana ndi ziro. Fayilo ilibe NULL, kotero chida chotulutsira chimaika bayiti yapadera yosonyeza zimenezo, ndipo pulogalamu ikaiwala kuiyang'ana, ngongole imene ilibe deti lothera imaoneka ngati ili nalo. VARCHAR, danga la zilembo losinthasintha kutalika, imabwera ndi mabayiti awiri kutsogolo onena kutalika kwake. Manambala a DECIMAL amatuluka ali opanikizidwa, a COMP-3, ndipo copybook, yofotokoza kaikidwe ka rekodi, ikaphonya ndi bayiti imodzi yokha pulogalamu imagwa ndi uthenga wa vuto wa S0C7, kapena, choopsa kwambiri, imapitirira ndi manambala olakwika. Kasanjidwe nakonso kali ndi msampha wake: mu EBCDIC, kalembedwe ka zilembo ka mainframe, zilembo zimatsogola manambala n'kutsatira, pamene mu ASCII, ka makompyuta ena, manambala ndiwo amatsogola, choncho fayilo imene yasanjidwira pa makina ena ingathe kufika ili m'dongosolo limene pulogalamu sikuliyembekezera. Pamenepo kufananiza kumadumpha marekodi popanda kudandaula. Ndiponso SELECT imene inkayembekezera mzere umodzi inkalira ndi -811 ikapeza iwiri, pamene fayilo imangokupatsani yonse iwiri. Pomaliza, wina akawonjezera danga latsopano pa tebulo, pulogalamu ya SQL imene imatchula madanga ake mayina siimva kanthu, koma fayilo ikasintha kaikidwe, aliyense woiwerenga ayenera kukonzedwa.

Zonsezi ndikuzivomera, koma palibe chimodzi chimene chilibe mankhwala odziwika. Pulogalamu iziona pa rekodi iliyonse kuti nambala yatsopano siyochepa kuposa yapitayo, ndipo ikapeza zotero iime pomwepo. Fayilo iliyonse ikhale ndi rekodi yomaliza yonena chiwerengero cha marekodi ndi ndalama zonse, kuti woiwerenga afananize. Potulutsa, madanga atchulidwe mayina ndi kukula kwake, kuti tebulo likakula fayilo isagwedezeke. Kenako pulogalamu yakale ndi yatsopano ziyendere limodzi, kuphatikizapo kutha kwa mwezi, zotuluka zake n'kumafananizidwa rekodi ndi rekodi. Kampani imene ilibe nthawi yochita zimenezi isayambe n'komwe ntchitoyi.

Pali anzathu ena, makamaka oyang'anira database, amene amati vuto si Db2 koma SQL yolembedwa mosasamala. Amati m'malo mwa mafunso anayi pa akaunti, lembani JOIN imodzi, funso limodzi lophatikiza matebulo onsewo. Amatikumbutsa kuti kuyambira Db2 Version 8 ya 2004, FETCH imodzi imatha kubweretsa mizere yambiri, komanso kuti kuyambira 2006 kuli mapurosesa a zIIP amene ntchito yake siilowa mu bilu ya mwezi. Amenewa ndimawamvera kwambiri, ndipo ndikuti njira yawo iyesedwe poyamba, chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo nthawi zambiri imakwanira. Ngati pulogalamu imakhudza kachigawo kochepa ka tebulo, index ndiyo imapambana, ndipo kutulutsa tebulo lonse kungakhale kuwononga. Koma pali malire awiri. SQL wamba yochokera mu pulogalamu ya COBOL ya batch, pa makina omwewo, kawirikawiri siipita ku zIIP. Imene imapitako kwambiri ndi yochokera kunja kudzera pa netiweki, mafunso ogawidwa kuti ayende mbali zingapo nthawi imodzi, ndi mbali zina za zida za Db2. Malire achiwiri ndi aakulu: m'makampani akale tebulo limodzi la maakaunti limawerengedwa lonse ndi mapulogalamu ambiri usiku umodzi, aliyense payekha. Ngakhale mutakonza SQL ya aliyense, mukuwerengabe chinthu chimodzi kambirimbiri. Kutulutsa kamodzi n'kugawira onse kumachotsa kubwerezako, ndiponso kumatsimikiza kuti malipoti onse a usikuwo achokera pa manambala amodzi.

Nkhani ya chitetezo ndi yaifupi koma siyopepuka. Db2 imatha kubisa madanga ena kwa anthu ena, pamene fayilo imaonetsa zonse kwa aliyense amene waloledwa kuitsegula, ndipo kukopera fayilo n'kosavuta. Choopsa chenicheni ndi fayilo ya makasitomala enieni imene yatengedwa kukayesera mapulogalamu n'kuiwalika komweko. Mankhwala ake ndi kutulutsa madanga okhawo amene ntchito ikufuna, kutchinga mafayilo ndi RACF, pulogalamu yachitetezo imene ilipo kuyambira 1976, kuwabisa ndi encryption imene z/OS inalimbikitsa pamene z14 inatuluka mu 2017, ndi kuika tsiku lofufutira. Apa otsutsa sanalakwe kuchenjeza, koma chenjezolo likutiuza mmene tichitire, silikutiletsa.

Amanenanso kuti masitepe otulutsa ndi osanja amachulukitsa ntchito mu ndandanda ya usiku, ndipo ndandanda ikasokonekera zinthu zimaipa kwambiri. Amatchula za Juni 2012, pamene kukonza pulogalamu yoyendetsa ndandanda ya CA-7 kunalakwika ku banki ya RBS ya ku Britain, ntchito za usiku n'kuunjikana. Makasitomala oposa 6.5 miliyoni a RBS, NatWest ndi Ulster Bank anavutika, a Ulster Bank kwa masabata angapo, ndipo mu 2014 mabungwe oyang'anira mabanki ku Britain analamula chindapusa cha mapaundi 56 miliyoni. Ine ndikaiwerenga nkhani imeneyi ndimaonamo chinthu china. Chimene chimapha banki ntchito za usiku zikatsalira n'kusowa mpata wothamangira kuti ipeze tsiku. Ngati usiku wabwinobwino umadya kale maola onse, usiku umodzi wotayika umatenga masiku kuti ubwezedwe. Choncho chilichonse chimene chimafupikitsa batch chimawonjezera mpata wopulumukira, ndipo masitepe aafupi amene angayambirenso pawokha n'ngosavuta kuwadzutsa kusiyana ndi pulogalamu imodzi ya maola asanu imene yagwa pa ola lachinayi.

Otsiriza ndi amene amati zonsezi n'kutaya nthawi chifukwa mainframe tikuchokapo. Mwina ena adzachokadi, koma kusamuka sikuchitika chaka chimodzi, ndipo bilu ya MSU imabwera mwezi uliwonse pamene mukudikira. Banki ya TSB ya ku Britain itasamutsa makasitomala ake mu Epulo 2018 kuchoka pa makina a Lloyds kupita pa makina a Sabadell, anthu ambiri anakanika kulowa m'maakaunti awo, ndipo mu Disembala 2022 bankiyo inalipitsidwa mapaundi 48.65 miliyoni. Chovuta kwambiri posamuka ndi kutsimikiza kuti pulogalamu yatsopano ikuchita ndendende zimene yakale inkachita, kuphatikizapo malamulo amene palibe amene anawalemba papepala. Pulogalamu imene ili ndi SQL paliponse siingayesedwe popanda kumanga database yofanana, yokhala ndi deta yofanana, pa mphindi yofanana. Imene imalandira fayilo n'kutulutsa fayilo imayesedwa mosavuta: fayilo ya usiku wa kutha kwa mwezi iperekedwe kwa COBOL ndi kwa Java, zotuluka zifananizidwe. Ntchito yotsala ndi kusandutsa EBCDIC ndi manambala a COMP-3 danga ndi danga potsatira copybook, chifukwa kusandutsa fayilo yonse ngati kuti ndi zilembo zokha kumaononga manambala opanikizidwawo. Ndiye ngakhale kampani imene yatsimikiza mtima kuchoka pa z/OS ili ndi chifukwa choyambira ndi mapulogalamu ake ongowerenga, kuwachotsa SQL, n'kusunga mafayilo a miyezi ingapo oti idzayesere makina atsopano.